Sled ya kasitomala ikufooka m'mapiri a Valemount: tiyambe ndi kilatchi kapena magiya?

Wa ku Edmonton:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. M'galaja mwathu kuno ku Canada mwabwera sled (kagalimoto koyenda pa chipale chofewa), Ski-Doo Backcountry 850 E-TEC ya track (labala wa pansi woyendera) ya mainchesi 146. Mwini wake amayenda nayo m'minda ndi pa nyanja zoundana za kuno, ndipo imafika 7,900 rpm popanda vuto. Loweruka anapita nayo ku Allan Creek, ku Valemount. Akuti atangotuluka m'mitengo n'kufika pamtetete, injini inakana kupyola 7,300 ngakhale atafinya throttle mpaka kumapeto, kenako lamba wa pa kilatchi anayamba kununkha. Wabwera ataganiza kale zochita, akufuna ndimutsitsire magiya mu chaincase, bokosi la tcheni ndi ma sprocket oyendetsa track. Compression ndayeza ili bwino, code ya vuto pa kompyuta palibe. Ndingochita zomwe akufunazo?

Mkulu wa ku Kamloops:
Achimwene, chaincase musaitsegule kaye. Injiniyo sikudwala, ikusowa mpweya. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse amene mwakwera. Edmonton ali pa mamita osakwana 700, pomwe kumene anapitako amasewera cha m'ma 2,000. Werengani nokha, mphamvu yopitirira gawo limodzi mwa magawo khumi yatsala m'munsi. Mafuta E-TEC imadziyezera yokha malinga ndi mpweya, si ngati zakale za kabuleta zomwe tinkasintha majeti. Koma kilatchi ilibe kompyuta. Maweyiti ake akufinyabe lamba ngati kuti injini ili ndi mphamvu zonse, ndiye ikukweza giya msanga, injini n'kulemedwa. N'chimodzimodzi lole yodzaza matumba kuiyika giya yaikulu pachitunda.

RPM imakonzedwa pa kilatchi ya kutsogolo. Magiya ndi nkhani ina.

Wophunzira ntchito:
Pepani akulu, ine ndine watsopano pa zimenezi. Nanga kutsitsa magiya si kupeputsa katundu wa injini? Ndiye RPM isakwere bwanji?

Mkulu wa ku Kamloops:
Funso labwino, mng'ono wanga. Pa galimoto ya magiya a pamanja zikanatero. Koma apa pakati pa injini ndi tcheni pali makilatchi awiri ndi lamba, ndipo amasintha okha mosalekeza. Ukatsitsa giya, katundu amapepukadi, kilatchi n'kumva kupepukako, n'kungokankhira lamba m'mwamba pang'ono. RPM imabwerera pafupi pomwe inali, chifukwa chomwe chimaigwira ndi kulimbana kwa maweyiti ndi masipuling'i ndi helix (chitsulo chopotoka cha mu kilatchi ya kumbuyo). Mwina ungapezeko pang'ono, koma 600 rpm sungaipeze m'mano a sprocket.

Mayi wa ku Prince George:
Ndikugwirizana nawo a ku Kamloops pa za RPM, koma mwathamangira ku maweyiti musanafunse za lamba. Achimwene a ku Edmonton, lambayo mwamuyeza? Lamba akadyeka m'mbali amakhala wopyapyala, amalowa pansi mu kilatchi ya kumbuyo, sled imanyamuka ngati ili kale pa giya yachiwiri. Kuchigwa simungazindikire chifukwa mphamvu ndi yambiri, imabisa zonse. Kuphiri ndiye zimaonekera. Ndipo ngati ananunkha kale, mbale za kilatchi zapakika labala. Gwirani ndi chala, mumva kuterera, muonanso mizere yakuda.

Muonenso ma valve a RAVE, a potulukira utsi wa injini, ngati akutseguka bwino. Akamata ndi mwaye amaba RPM ya pamwamba, munthu n'kumavutika ndi kilatchi yosalakwa.

Wa ku Edmonton:
Mayi, mwalasa. Lamba watha ndithu, m'mbali mwake mukunyezimira, ndipo pamalo pena ulusi wayamba kutuluka. Wakhalanso pansi mu kilatchi ya kumbuyo m'malo motulukira pang'ono pamwamba. RAVE ili bwino. Ma clicker onse atatu, osinthira RPM pa kilatchi ya kutsogolo, ali pa 3.

Mayi wa ku Prince George:
Ndiye yambani pamenepo. Mbale zonse zinayi muzikwecheko ndi Scotch-Brite, mupukute ziume, pasatsale mafuta. Lamba watsopano mumutsuke ndi madzi ofunda a sopo, aume, mumuike motsata muvi wake, mukonze deflection (kukungika kwa lamba). Kasitomala mumuuze kuti makilomita 50 oyamba ayende mofatsa, osafinya mpaka kumapeto. Ambiri amaika lamba watsopano poyambira njira n'kulunjika naye chitunda, madzulo ali kudandaula.

Mkulu wa ku Kamloops:
Zikatero mubwere ku ma clicker. Pa pDrive, kilatchi ya kutsogolo ya sled imeneyi, nambala zimayambira 1 kulekeza 5, ndipo kukwera nambala imodzi kumawonjezera pafupifupi 200 rpm. Kuchoka pa 3 kufika pa 5 ndi 400. Lamba watsopano ndi mbale zoyera zikabweza yotsalayo, mwafika. Bawuti ya clicker mungoimasula, musaichotse, ndipo onse atatu akhale pa nambala imodzi. Wina akatsalira, kilatchi imazungulira mopendama pa 8,000 rpm, zimenezo n'zoopsa.

Chovuta n'chakuti inu simungayese zimenezi muli ku Edmonton. Mukaika pa 5 kumeneko injini ilira kupyola muyeso, pamene mphamvu yatsika kale. Muphunzitseni mwini wake kusintha yekha, manja ake agwire m'galaja momwemo inu mukuona. Akafika kuphiri ayambe ndi 4, apeze chitunda chachitali, afinye kwa masekondi angapo akuyang'ana RPM. Ikaperewera aike 5. Pobwerera kwawo abweze pa 3.

Wa ku Calgary:
Ine ndiimako kumbali ya kasitomala pang'ono. Magiya sakonza RPM, zoona, koma amateteza lamba. M'chipale chakuya track imayenda pang'onopang'ono ili ndi katundu wolemera, lamba amakhala pansi mu kilatchi ya kutsogolo pomwe malo ogwira ndi ochepa, amaterereka n'kutentha. Mukachotsa mano awiri pa sprocket ya pamwamba, lamba amakwera n'kugwira malo aakulu. N'chifukwa chake ma sled a m'mapiri ngati Ski-Doo Summit amabwera ndi magiya otsika kale. Munthuyo sakulakwa kotheratu.

Mayi wa ku Prince George:
Sakulakwa, koma funsani kuti nyengo yonse amathera kuti. Ngati ndi pa nyanja, mano awiriwo amudyera liwiro ndi mafuta sabata iliyonse chifukwa cha ulendo wa kamodzikamodzi. Yesani ndi marker. Jambulani mzere pa mbale ya kutsogolo kuchokera pakati kufika kumphepete. Akayenda, lamba amafufuta mpaka pomwe wafika. Ngati ngakhale pa nyanja mzere ukutsala waukulu, magiya ndi okwera mopitirira, tsitsani mosakayika. Ngati ukufufutika pafupifupi wonse, akuwagwiritsa ntchito, asiyeni. Mukatsitsa muonenso kutalika kwa tcheni, tensioner ili ndi malire.

Wa ku Edmonton:
Ndabwera ndi zotsatira, akuluakulu. Pa nyanja mzere wa marker unafufutika kutsala kachidutswa kumphepete, ndiye chaincase sindinaikhudze. Kasitomala wapitanso ku Allan Creek. Pa 4 inafika 7,700, pa 5 inagwira 7,900 n'kukhazikika pa chitunda chonse. Akuti ataima anaika dzanja pa kilatchi ya kumbuyo, inali yotentha koma yogwirika, fungo kunalibe.

Mkulu wa ku Kamloops:
Zili bwino, koma dziwani kuti ma clicker atha, palibenso pokwera. Akadzafuna kupita pamwamba kuposa pamenepo, kapena tsiku lofunda la mu March chipale chili cholemera, RPM idzatsikanso. Pamenepo mpofunika maweyiti opepuka a kumapiri kuti clicker ibwerere pakati.

Wa ku Edmonton:
Ndamuuza. Akuti chaka chamawa akufuna kumapita kawirikawiri, mwinanso ku Revelstoke. Tagwirizana kuti nyengo ikatha abwere nayo tiike maweyiti a kumapiri, ndipo za mano awiri aja tidzaziona titayesanso ndi marker kuphiri komweko.