Hilux yanga yakale ikupsereza kilatchi pachitunda, ndiwonjezere tiransifa yachiwiri?

Mwana wa ku Masambanjati:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo, makamaka inu odziwa za magiya. Ndili ndi Toyota Hilux ya 1994, LN106, ya dizilo, injini 3L ya 2.8, ija ya ekiselo yamphumphu kutsogolo. Ndi imene imadyetsa banja langa. Ndimatulutsa nandolo ndi nthochi m'midzi ya kumunsi kwa Masambanjati kupita nazo ku Bvumbwe ndi ku Limbe, pobwerera ndimatenga feteleza kapena simenti. Munthu akadwala usiku, amagogoda kwa ine kuti timuthamangitsire ku Malamulo.

Vuto lili panjira yotulukira m'mudzi mwathu. Chiyambire namondwe wa Freddy mu 2023, madzi anakokolola dothi lonse pachitunda china, panatsala miyala yokhayokha yotundumuka. Ndikafika pamenepo ndi katundu, ndimatseka mahabu kuti matayala akutsogolo nawo azikoka, kuika low (giya yotsika yokwerera zitunda), giya wani. Ndikasiya kilatchi yonse, galimoto imathamanga kuposa mmene miyalayo ikufunira, imadumpha, matumba kumbuyo n'kuyamba kusuntha. Ndikachepetsa moto, injini imafuna kuzima. Ndiye phazi limangokhala pakilatchi theka theka mpaka pamwamba. Pofika apo fungo lake ladzaza m'kati monse, mwendo ukunjenjemera. Potsika ndiye katundu amandikankha, ndimangodalira mabuleki.

Ndamva kuti ena amalumikiza tiransifa ziwiri (tiransifa ndi bokosi la kumbuyo kwa giyabokosi, logawa mphamvu kumatayala akutsogolo ndi akumbuyo, momwe muli low) kuti low ikhale yotsika kwambiri. Kodi zimatheka pagalimoto ngati yangayi? Chimafunika n'chiyani, ndipo sindiononga zina? Kugulitsa ayi, musandiuze zimenezo, galimoto iyi ndimaidziwa bawuti iliyonse.

Makaniko wa pa Luchenza:

Achimwene, zimatheka, ndipo Hilux yanuyo ndi imodzi mwa galimoto zimene nzeru imeneyi inapangidwira. Koma tiyambe tawerengetsa kuti muone chimene chikukuvutani.

Giya wani m'giyabokosi zambiri za Hilux zimenezi ili pa 3.93. Low ya tiransifa ndi 2.28. Difu, magiya a pakati pa ekiselo aja, zimasiyana, muone yanu, koma tiyerekeze kuti ndi 4.56. Mukachulukitsa zitatuzi mupeza pafupifupi 41, kutanthauza kuti injini izungulire ka 41 kuti tayala lizungulire kamodzi. Tayala la 7.50-16 likazungulira kamodzi limayenda mamita awiri ndi theka. Ndiye injini ikamazungulira ka 2000 pa mphindi, pomwe 3L yayamba kukoka bwino, mukuyenda makilomita 7 pa ola. Pamsewu si kanthu, koma pamiyala ndi matumba kumbuyo ndi liwiro lalikulu. Mukatsitsa injini kufika pa 800 mukuyenda makilomita 3, koma mphamvu palibe. Mpata umenewo ndi umene mukuutseka ndi kilatchi.

Mukaonjezera 2.28 ina, 41 uja amakhala 93. Pa 2000 yomweyo mukuyenda makilomita 3 okha, kilatchi mwaisiyiratu, phazi lili pansi. Potsika injini ndi imene imagwira galimoto, mabuleki amangothandizira.

Kapangidwe kake n'kotere. Mumapeza tiransifa ina ya Hilux yakufa, n'kutengako chigawo chakutsogolo chokha, momwe muli magiya a low. Chigawocho chimalowa pakati pa giyabokosi ndi tiransifa yanu, ndipo chimalumikizidwa ndi adaputala. Amene anatchukitsa zimenezi ndi a Marlin Crawler a ku Fresno, California, a Trail-Gear nawonso amapanga. Adaputala imeneyi musalole wina akuuzeni kuti akusulirani ndi kuwotcherera pansi pa mtengo. Mashafuti awiriwo akapanda kuyang'anizana ndendende, mabering'i sakhalitsa ndipo oilo azingodontha.

Musanagule kalikonse, lowani pansi pagalimoto muwerenge mabawuti a chivindikiro chakumbuyo kwa tiransifa. Akakhala 7, ndi ya magiya okhaokha, ndiye yoyenera. Akakhala 5, ndi ya tcheni, nkhani yathera pomwepo pokhapokha mutasintha tiransifa yonse. Galimoto zakale zasinthidwa zinthu zambiri m'manja mwa eni ake akale, musadalire chaka chokha. Chigawo chogulacho chikhale cha mtundu umene kandodo kake kamatulukira pamwamba pa tiransifa penipeni, ndipo muwerenge mano a shafuti yolowa, pali ya 21 ndi ya 23, ziyenera kugwirizana ndi giyabokosi yanu.

Ntchito yeniyeni imabwera pambuyo. Zonse zimasunthira kumbuyo ndi masentimita pafupifupi 16. Propushafuti yakutsogolo italikitsidwe, yakumbuyo ifupikitsidwe, chitsulo chopingasa chonyamula tiransifa chisunthe, pansi pa kabini pabooledwe bowo la kandodo kachitatu, ndipo chingwe cha sipido mwina sichifikanso.

Njira ina yachidule ilipo: kusintha magiya a low m'tiransifa yanu yomweyo, kuchotsa 2.28 kuika 4.7. Pamenepo mufika pa 84, propushafuti osazikhudza, kungopala pang'ono m'kati mwa chikombole kuti giya yaikuluyo ikwane. Ine kuno kwathu sindiikonda. Low yapakatikati ija mwaitaya, ndipo pamatope ndi imene mumaifuna. Ndi tiransifa ziwiri mumasankha: imodzi yokha m'matope, zonse ziwiri pamiyala.

Dalaivala wopuma wa ku Makwasa:

Mwana wanga, makanikoyu masamu ake ndi oona, sindikutsutsa. Koma ndimvere ine pang'ono. Ndagwira ntchito m'minda ya tiyi ndi Land Rover Series III mpaka tsitsi kuyera. Giya wani ndi low pagalimoto imeneyo zimafika pa 40 yomweyo, low yake 2.35, difu 4.7. Tinkakwera nayo zitunda za kuno chiperoni chili m'kati, mawaipa akulephera. Chimene chinkatikweza si magiya, ndi matcheni kumatayala akumbuyo ndi katundu woyenera.

Katondo wa ku Thyolo akanyowa samva za magiya. Tayala likayamba kuterera, kaya uli pa 41 kaya pa 93, lizingozungulira pamalo amodzi, mapanga ake atadzaza dothi mpaka kusalala. Sunatiuze matayala ako ndi otani. Ngati ndi aja apatala, yambira pamenepo. Ugule a mapanga akuluakulu, ndipo ukafika pachitundacho uchepetseko mpweya kuti tayala ligone pamwala.

China chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Panopa katundu akachuluka injini imazima, imakuchenjeza. Ukaika 93 sidzazimanso. Tayala lakutsogolo likakanirira pakati pamiyala, chiwongolero utakhotetsa mpaka kumapeto, mphamvu yonseyo ipita pajointi ya m'kati mwa ekiselo, ija amati Birfield. Imasweka ndi phokoso limodzi, tha! Ukatero watsala ndi matayala awiri pakati pachitunda, ndi wodwala kumbuyo. Ndipo munthu ukaona galimoto ikukwera mosavuta, mtima umakuuza kuti onjezera matumba ena asanu. Masipuling'i ndi mabuleki sanasinthe ayi.

Komanso takambiranani ndi amfumu. Anyamata a m'mudzi atatenga zitsulo ndi nyundo n'kuphwanya nsonga za miyalayo, kuthira zibuma m'mipata ndi kukumba ngalande yopatutsa madzi kumtunda, wa njinga yamoto ndi wa ngolo apindula nawo.

Mayi wa nanazi, Chitakale:

Zamagiya sindizidziwa, koma ndili ndi pikapu imene imanditengera nanazi ku Limbe, ndipo ndinatalikitsapo propushafuti. Amene anandipangira anangodula ndi kuwotcherera, osaiika pamakina oyezera. Tikafika pa 60 galimoto yonse imanjenjemera, mpaka inadya bering'i. Pitani nazo kwa a injiniyaring'i enieni ku Blantyre, afunseni ngati amabalansa, muone makinawo ndi maso anu.

Muwerengerenso masiku amene galimoto ikhale itangoima osagwira ntchito. Adaputala njogula ndi madola, ndalama zakunja mukudziwa mmene zikuvutira, pamwamba pake msonkho wa MRA. Musaphwasule chilichonse katundu yense asanafike m'manja mwanu, ndipo musaiyambe ntchitoyi nyengo ya nandolo. Ainshuwalansi muwauze, komanso mufunse ku Road Traffic musanapite ku COF, koyezetsa galimoto ngati ili yoyenera pamsewu, kuti asakadabwe ndi kandodo kachitatu.

Makaniko wa pa Luchenza:

Madala, pa zamatope ndi matayala mwanena zoona, ndipo za matumba asanu owonjezerawo ndiye zenizeni. Koma pa Birfield ndisiyana nanu pang'ono. Zimene zabwera pagalaja panga zitasweka, pafupifupi zonse nkhani yake ndi imodzi: dalaivala anathamangira chitunda, tayala linadumpha m'mwamba likuzungulira, n'kutera pamwala mwadzidzidzi. Kugunda kumeneko ndi kumene kumaswa. Achimwenewa akuchita zomwezo panopa nthawi iliyonse akasiya kilatchi. Woyenda pang'onopang'ono matayala onse ali pansi amasunga zitsulo zake. Lamulo n'lakuti tayala likakanirira, osapondereza moto, bwererani m'mbuyo, wongolani chiwongolero, yesaninso.

Pali kenanso kabwino. Mutha kuika low pachigawo chakutsogolo chokha, tiransifa yakumbuyo n'kuisiya pa 2H, poyendera pamsewu masiku onse paja. Mumakhala ndi giya yotsika koma akukoka ndi matayala akumbuyo okha. Pobwerera m'mbuyo ndi katundu pamsika wa Bvumbwe, patala kapena pasimenti, zimathandiza kwambiri chifukwa fowilo pamalo olimba imamanga mashafuti.

Koma achimwene, kilatchi yanuyo yapsa kale. Poti giyabokosi itsika, muone fulaiwilo. Ikakhala ndi mawanga abuluu kapena ting'alu, ipalidwe, apo ayi kilatchi yatsopano idzagwira modumphadumpha.

Mwana wa ku Masambanjati:

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Ndalowa pansi m'mawa uno ndi tochi, ndapukuta matope pachivindikiro, mabawuti alipo 7. Kandodo ka tiransifa yanga kakutulukira pagiyabokosi, osati pamwamba pa tiransifa, ndiye bambo a ku Luchenza mundiuze ngati zimenezo zikusintha kanthu pa adaputala yoti ndiitanitse.

Madala, matayala akumbuyo ndi apatala ndithu, ndipo atha. Ndiyamba ndi amenewo pamodzi ndi kilatchi mvula isanagwe, matcheni ndifunsa ku Limbe. Za miyala ndinalankhulapo kale ndi amfumu, anavomera kuti tikatha kukolola tiitane anthu, koma mwala waukulu wapakati pachitundapo nyundo siingauthe, ndi thanthwe lolowa pansi. N'chifukwa chake maganizo a tiransifa yachiwiri sindinawasiye. Loweruka ndikupita ku Ndirande kukayang'ana chigawo chakutsogolocho. Kodi ndikachipeza, ndiyang'ane chiyani pamano a magiya ndi mabering'i ndisanapereke ndalama?