Chinkhwe chikundiluma mpaka magazi, ndithandizeni nzeru abale

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni chonde. Mlamu wanga wapita ku Johannesburg ndipo watisiyira chinkhwe chake. Anangofika nacho usiku pa kabaza, osafunsa n'komwe, monga anachitira ndi firiji yake yakufa ija imene mpaka lero yatitsekera njira pakhonde. Amuna anga akuti ndi za m'bale wawo ndisunge, koma iwo amachoka m'bandakucha kubwera usiku, madzi okha sachipatsa. Apongozi akuti mbalame yolankhula ngati munthu ndi zamasalamusi, asiya kudya nsima kwathu. Eni nyumba kuno ku Chibavi akudandaula phokoso, chonsecho denga lawo likudontha chiyambire dzinja. Tsono vuto ndi loti ndikati ndichigwire chimandiluma, chimangokuwa, ndipo chayamba kudzizula nthenga pachifuwa. Mwana wanga wa zaka 3 amafuna azilowetsa zala m'khola. Ine ndachikonda ndithu, ndikufuna tizolowerane. Nditani?

Namwino wa ku Katoto: Ndi chamtundu wanji? Chotuwa cha mchira wofiira, kapena tobiriwira tating'ono tija? Chikudya chiyani, ndipo khola mwaika pati?

Mfumu ya Nkhunda Luwinga: Mayi, musavutike ndi mafunso. Mbalame ndi mbalame basi. Ine ndaweta nkhunda kuyambira ndili mnyamata. CHIMANENI CHAKUDYA masiku awiri, tsiku lachitatu chidzadya m'manja mwanu. Mudulenso mapiko. Zatha.

Mnyamata wa pa Depoti: Chenjerani ndi zolankhula m'nyumbamo. Chikangomva PIN ya Mpamba, Chibavi yonse idziwa 😂

Namwino wa ku Katoto: Achimwene a nkhunda, osatero ayi. Chinkhwe chimasunga nkhope ya munthu amene wachizunza. Chataya mwini wake, chili m'nyumba yachilendo, ndiye muchionjezerenso njala? Kuzula nthengako nthawi zambiri ndi nkhawa kapena matenda.

Mfumu ya Nkhunda Luwinga: Inu mumabaya anthu jakisoni, za mbalame mwazidziwira kuti? Nkhunda zanga ndimakazitaya ku Ekwendeni, ndikamafika kunyumba zandidikira padenga. Ndani wina pagulu pano angachite zimenezo?

Mayi a mapasa Zolozolo: Mwandikumbutsa zachisoni. Malume anga anali nacho chotuwa, chinkayitana ana onse mayina. Tsiku lina mtsikana wantchito anapopera mankhwala a udzudzu n'kutseka mawindo, m'mawa tinachipeza chili gada pansi pa khola. Malumewo sanadye tsiku lonse. Antchito amasiku ano abale, wanganso wandiwotchera chitenje dzana.

Wachikondi cha Zachilengedwe: Palibe amene akufunsa funso lenileni: mlamu wanuyo anachipeza bwanji? Ngati ndi chotuwa cha mchira wofiira, kwawo ndi nkhalango za ku Congo ndi maiko ozungulira, osati kuno. Kuyambira 2017 chili pa mndandanda wapamwamba wa CITES (pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire), malonda odutsa malire a zogwidwa kutchire ndi oletsedwa. Ngati ndi tobiriwira tathu, monga timene timapezeka ku Vwaza kapena ku Liwonde, ndiyenso nyama zakutchire zimenezo. Funsani ku nthambi ya National Parks and Wildlife za chilolezo, kapena a Lilongwe Wildlife Trust.

Mfumu ya Nkhunda Luwinga: Ayamba aja a mapepala. Munthu wafunsa zolumidwa, inu mukumumangitsa.

Wachikondi cha Zachilengedwe: Ndikumuteteza, bwana. Inu ndi amene mukufuna mbalameyo ife ndi njala.

Mphunzitsi wopuma Katawa: Mwanangu, siyani kaye kuchigwira. Kwa icho dzanja lobwera kuchokera pamwamba ndi kabawi, ndiye chikudziteteza. Muzikhala pafupi ndi khola, muzisankha nyemba zanu pomwepo mukuchilankhula motsitsa mawu. Pakapita masiku mupereke kachidutswa ka nthochi kapena papaya kudzera pa waya. Chikayamba kulandira, phunzitsani kukwera pa kamtengo, dzanja lidzabwera pambuyo pake. Mukaona nthenga zanyankhalala, diso likusinthasintha, bwererani. Chikakulumani osachimenya, osakuwanso, chifukwa kukuwako chimakutenga ngati masewera. Zimatha kutenga miyezi.

Mfumu ya Nkhunda Luwinga: MIYEZI? Njira yanga ndi masiku atatu. Ndipo zipatso mukungowononga, chipatseni madeya ndi mtedza wosweka wa pamsika, wotchipa uja.

Namwino wa ku Katoto: Mtedza wosweka ndi umene umakhala ndi chuku, poizoni wake amawononga chiwindi. Perekani wabwino wokhawokha, pang'ono. Chimanga chachiwisi, mapira, karoti, magwafa, ndiwo zamasamba zili bwino. MAPEYALA AYI, amapha. Chokoleti, khofi, tiyi, anyezi ndi zamchere ayinso. Pochotsa zitosi yambani mwawaza madzi, fumbi lake limatha kupatsira munthu matenda a m'mapapo, ndipo musambe m'manja. Bala la kulumidwalo tsukani ndi sopo, likatupa mupite kuchipatala. Mwana asayandikire khola yekha, mlomo umene umaswa mtedza chala cha mwana sungachilephere.

Mtumiki wa ku Mchengautuwa: Ine nkhani yanga ndi apongoziwo. Mbalame ndi yofunika kuposa mtendere wa banja? Ana a lero ulemu mulibe.

Dona wa Chibanja: Abusa, mlamu atule katundu popanda odi, wopanda ulemu akhale mayiyu? Sisi, firijiyo gulitsani kwa a zitsulo mugulire chinkhwecho khola lalikulu. Zotuwazo zimakhala zaka 40 n'kupitirira, mlamu akachedwa ku Joni mukalamba nacho.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Abusa, apongozi anga simukuwadziwa, chaka chatha ananenanso kuti mphaka wa aneba ndi wotumidwa. Za kuzizira musadandaule, poti Mzuzu mukuidziwa mwezi wa June uno, ndachiika kukhitchini pafupi ndi mbaula, usiku ndimayatsanso koyilo kuti udzudzu usachilume.

Namwino wa ku Katoto: Mayi!!! Chichotseni kumeneko panopa. Utsi wa makala, koyilo, ngakhale nthunzi ya chiwaya chosamata chija chikapsa kwambiri, zonsezi zimapha mbalame msanga kuposa munthu. Chiikeni pabalaza mbali imodzi ya khola itsamire khoma, kopanda mphepo yolowa pawindo. Usiku fundikani nsalu mbali zitatu chigone maola 10 kapena 12. Chikhalenso kutali ndi nkhuku, chitopa chimagwira zinkhwe. Nthengazo akazione dokotala wa ziweto. Koma simunandiyankhebe, ndi chamtundu wanji?

Mfumu ya Nkhunda Luwinga: Za utsizo ndinanena kale ine.

Dona wa Chibanja: Munanena pati? Tionetseni.

Mnyamata wa pa Depoti: Sisi, ngati chakulepherani ndipatseni ine, chizikaitanira anthu minibasi ya ku Nkhata Bay.

Mfumu ya Nkhunda Luwinga: Amene akufuna maunda a nkhunda zoyera andipeze ku inbox.