Thandizeni abale: galimoto ya bucket yakaleyi ndigule kapena ndisiye?

Wofunsa: Abale, ntchito yanga ndi yodula ndi kusadza mitengo. Bondo layamba kundivuta, moti kukwera ndi zingwe sindikuthanso ngati kale. Mnyamata amene ndinamuphunzitsa ntchito anandithawa n'kupita ndi makasitomala anga. Mlamu wanga anabwereka chainsaw, anabweza bar yake (chitsulo choyendapo tcheni) itapindika, mpaka lero osapepesa. Pano ndapeza galimoto ya bucket (ija yokhala ndi mkono wautali wotchedwa boom, wokweza munthu m'mwamba ali m'chidebe) yogwiritsidwapo kale ntchito, boom yake ya kampani ya Altec. Penti njowala, injini ikulira bwino, makilomita ndi ochepa. Mayi akunyumba akuti ndikukataya ndalama. Tulo sindikuliona. Ndigule?

Wazingwe: MUSAGULE! Wodula mitengo weniweni amakwera yekha. Galimoto imeneyo ilowa bwanji kuseri kwa nyumba? Pa nthaka yonyowa imatitimira, kapinga wa kasitomala n'kuwonongeka, mlandu wanu.

Makaniki: Achimwene, makilomita asakunamizeni. Galimoto zimenezi zimagwira ntchito zitaima, injini ikuyendetsa pampu ya hydraulic kudzera pa PTO, chida chotengera mphamvu ya injini kupita ku pampuyo. Maola a PTO ndi angati? Simunanene.

Mayi wina: Bambo inu, mlamu wanuyo mwamuyalutsa pagulu chifukwa chiyani? Za m'banja zizithera kunyumba.

Wazingwe: Komanso bondolo n'chifukwa chosadziwa kumanga harness, lamba wokwerera uja. Ana amasiku ano mukufuna makina achite zonse!

Wopsa kale: Ine ndinagula yakale ngati imeneyo, yopentedwanso. Tsiku lina ndili pamwamba paipi ya mafuta inaphulika, mafuta ali chuuu pagalasi lakutsogolo. Mnzanga pansi sankadziwa zowongolera zapansi zija, ndinakhala m'mwamba mpaka dzuwa kupendeka. Titayang'ana pansi pa galimoto tinapeza chassis itadyeka ndi dzimbiri, penti anangophimba. Ndikakumbukira mtima umandiwawabe.

Wa Terex: Vuto ndi Altec yo. Pezani Hi-Ranger ya Terex basi.

Makaniki: Ayi, onsewo ndi makampani odziwika. Nkhani ndi mmene mwini wake ankaisamalira. Kwezani boom, muzimitse injini, mudikire. Ikamatsika yokha, ma holding valve (otsekera mafuta kuti boom isatsike) kapena ma seal a cylinder atha. Muonenso mabawuti a pamene boom imazungulira.

Wazingwe: Mwamva? Ma valve, ma seal, mabawuti! Chingwe changa chili ndi valve? Wa Terex, inunso mukungotsatsa malonda apa.

Wa Terex: Akulu, tilekeni ena tilankhuleko. Si aliyense ali ndi mawondo ngati anu.

Wamagetsi: Palibe amene wafunsa chachikulu: mumadula pafupi ndi mawaya amagetsi? Ngati eya, funsani pepala la dielectric test, yoyesa ngati boom siidutsa magetsi; imayenera kuchitika chaka chilichonse. Fiberglass ya boom ikakhala ndi ming'alu, kapena ikadzadza utuchi ndi utomoni, siitetezanso bwino. Mapaipi a m'katimo akhale osadutsa magetsi. Anthu amafa nazo izi.

Wazingwe: N'zimene ndikunena ine kuyambira pachiyambi!

Wamagetsi: Simunanene zimenezo, akulu.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mayi, mlamu wangayo aka si koyamba, anatenganso makwerero osabweza. Wogulitsa akuti ndimuyankhe mawa chifukwa pali wina akuifuna.

Makaniki: Nanga maola a PTO aja, achimwene?

Wazingwe: Msiyeni winayo agule. Inu gulani zingwe zatsopano!