Ndithandizeni abale: ma article a zisudzo za Chichewa mumawapeza bwanji ku laibulale ya pa yunivesite?

Wofunsa (membala wobisa dzina):

Moni nonse akuluakulu. A admin chonde ndilolezeni, nkhani yandithina. Ndili chaka chomaliza, ndikulemba dissertation ya zisudzo za pasiteji za Chichewa, makamaka mmene magulu ngati Kwathu ankasekesera anthu kwinaku akudzudzula zochitika m'dziko. Supavaiza wandibwezera chaputala chachiwiri kawiri konse. Akuti ndadzazamo za pa Facebook ndi za m'nyuzipepala za pa intaneti, akufuna aone ma article a m'ma journal osachepera 15. Ine ndikalemba "Malawi drama" pa Google zikubwera ndi nkhani za ndale ndi mikangano ya oimba basi. Ndikapezako kamodzi kooneka kabwino, ndikadina akuti lipira madola. Ndalama yake ndiitenga kuti, ndi bandulo yomwe ndikuchita kupempha? Ku laibulale ndinapitako, koma kunena zoona ndinangoyang'ana mashelefu, ndinachita manyazi kufunsa chifukwa sindikudziwa n'komwe chofunsa. Kodi zilipo zolembedwa pa nkhani imeneyi, kapena ndisinthe mutu? Kwatsala milungu 7.

Mayankho

Mayi wogwira ntchito ku laibulale:
Mwana wanga, usalipire ngakhale tambala. Khoma lofuna madolalo ukuliona chifukwa ukulowa ndi bandulo yako. Malaibulale a mayunivesite kuno amapeza ma database (nkhokwe za ma journal za pa intaneti, monga JSTOR) mogwirizana kudzera ku MALICO, bungwe la malaibulale a m'Malawi, ndiye ukakhala pa Wi-Fi ya pasukulu kapena pa makompyuta a mu laibulale, article yomweyo nthawi zambiri imangotseguka. Pita pa desiki ya e-resources ukanene mawu awa: "Ndikufuna mundionetse kalowedwe ka JSTOR, komanso ngati pali njira yolowera ndili kunyumba." Basi. Ife timalembedwa ntchito chifukwa cha mafunso ngati amenewa, koma ana inu mumangotidutsa ngati ndife alonda a zikwama.

Wofunsa:
Zikomo amayi. Ndiye kuti zaka zinayi zonsezi ndakhala ndikudutsa pakhomo pa chinthu chomwe ndalipira kale mu fizi?

Mayi wogwira ntchito ku laibulale:
Si iwe wekha.

Mkulu wina amene anachita masters ya zisudzo:
Vuto lalikulu ndi mawu amene mukusakira. Ophunzira za zisudzo salemba "drama" pachabe, amakonda "theatre", ndipo a ku America amalemba "theater". Pa JSTOR lembani theat* AND Malawi, nyenyeziyo igwira zonse ziwiri. Kenako sinthasinthani: "popular theatre", "theatre for development", "travelling theatre", "vernacular drama", "censorship". Mawu awiri kapena atatu oyendera limodzi muziwatsekera m'zizindikiro za mawu ogwidwa, apo ayi makina awamwaza. Musaiwalenso kuti zolemba zakale zimati Chewa, Cewa, Nyanja, ngakhale Nyasaland. Mukangokakamira "Chichewa" mudzaphonya zambiri.

Koma njira imene inandipulumutsa ine ndi yotsata anthu. Pa nkhani ya zisudzo za kuno mayina ndi ochepa ndipo amabwerezabwereza: David Kerr, Christopher Kamlongera, Mufunanji Magalasi, Zindaba Chisiza. Kerr ndi Kamlongera anali mkati mwa Travelling Theatre ya ku Chancellor College, ndipo analemba za mmene gululo linayambira kuchita masewero a Chichewa opekera pompo m'midzi, monga ku Mbalachanda mu 1981, ndi za ntchito ya zaumoyo ya ku Liwonde pambuyo pake. Lembani dzina limodzi pa Google Scholar, pansi pa article iliyonse pali "Cited by". Dinani pamenepo muone amene anagwiritsa ntchito article imeneyo pambuyo pake. Kenako tsegulani article yatsopano kwambiri, pitani kumapeto kwake, muone amene iye anawerenga. Masiku awiri okha 15 yanuyo idzakwana, mwina kupitirira.

Membala wina:
Bwanji osangofunsa AI ikulembereni mndandanda wonse? Mphindi imodzi zatheka.

Mphunzitsi wa pa koleji ina:
Achimwene, musamuponye mnzanu m'dzenje. Chaka chatha ndinalandira ntchito ya wophunzira ili ndi ma article okongola, mayina a olemba enieni, ma journal enieni, koma nditawafufuza ena mwa iwo kunalibe, makinawo anangopeka. Chinthu chimene simunachitsegule ndi kuchiwerenga ndi maso anu chisalowe mu dissertation.

Kwa wofunsa: ma journal oyambira ndi awa. Journal of Humanities ya ku Zomba ili pa AJOL (African Journals Online, tsamba la ma journal a mu Africa), ndipo AJOL ndi malo oti muziyamba nawo pa chilichonse cha mu Africa. The Society of Malawi Journal ili pa JSTOR, kuyambira pomwe inkatchedwa The Nyasaland Journal. Akunja amene amasindikizako za kuno ndi TDR (The Drama Review), Theatre Research International, Research in African Literatures, South African Theatre Journal ndi Journal of Southern African Studies. Ena mwa awa ali kwa Taylor & Francis kapena Cambridge, ndiye zitengera zimene sukulu yanu inalembetsa chaka chino.

Mlongo wathu wa ku Leeds:
Kuwonjezera pang'ono. Tsegulani akaunti yanuyanu ya JSTOR, ndi yaulere, imakulolani kuwerenga ma article angapo pamwezi pa sikirini ngakhale simuli pasukulu. Pa Google Scholar dinaninso "All versions", nthawi zina wolemba anaika kope lake pa tsamba la yunivesite yake. Komanso ma thesis a PhD musawanyoze. A kuno ku Leeds amaikidwa pa White Rose eTheses, aliyense atha kutsitsa, ndipo pali Amalawi amene anachita za zisudzo konkuno. Chaputala cha literature review cha munthu wa PhD chimakusonyezani njira yonse. Zikakanika zonse, lemberani wolembayo imelo mwaulemu. Ine ndinayesapo katatu, awiri anandiyankha ndi PDF.

Bambo wina wachikulire, wakale pa zisudzo:
Ndawerenga mayankho onse, ndi abwino, koma ndikuuzeni chimene ena sananene. Mukasaka mupeza zambiri za theatre for development, za gule wamkulu, za masewero a Chingerezi a Du Chisiza Jr. ndi Wakhumbata, za mpikisano wa zisudzo wa ATEM (bungwe la aphunzitsi a Chingerezi) m'masekondale. Za Kwathu, za Izeki ndi Jakobo, mupeza zochepa, mwina ndime imodzi apa, ina apo. Chifukwa chake n'chosavuta. Masewero athu ambiri sitinkawalemba mawu ndi mawu. Tinkagwirizana nkhani, aliyense n'kudziwa mbali yake, zina zonse zinkabadwira pasiteji, ndipo sewero la Loweruka ku French Cultural Centre silinkafanana ndendende ndi la Lamlungu ku Zomba. Munthu wa ku yunivesite ankafuna pepala loti aligwire, ife pepalalo tinalibe, kupatula chimene tinkapereka ku Censorship Board kuti atilole kusewera, malinga ndi lamulo lija la 1968.

Ndiye musasinthe mutu. Kusowa kwa zolembedwako ndiye chifukwa chake ntchito yanu ikufunika. Pitani ku National Archives ku Zomba ndi ku gawo la Malawiana mu laibulale, mukapemphe Malawi News ndi Daily Times za m'ma 1980 ndi 1990, masamba a zamsangulutso. Ndipo fulumirani kucheza ndi amene atsala. A John Nyanga (Izeki) anatisiya mu 2016, a Eric Mabedi (Jakobo) mu 2021. Amene ankasewera nawo alipo, koma sitikubwerera ku unyamata.

Mphunzitsi wa pa koleji ina:
Bambo anena zoona, koma wofunsa asamve molakwa. Nyuzipepala ndi macheza ndi umboni wanu, zipite ku chaputala cha zomwe mwapeza. Chaputala chachiwiri chikufunabe ma journal. Ngati za Kwathu zachepa, tambasulani: werengani za Chikwakwa Theatre ya ku University of Zambia, za concert party ya ku Ghana, za masewero a m'ma township a ku South Africa, kenako muonetse pomwe zathu zikufanana nazo ndi pomwe zikusiyana.

Wofunsa:
Ndabwerako ku desiki ija. Bambo amene ndinawapeza anakhala nane pafupifupi ola lathunthu, ndatuluka ndi ma PDF 11 pa flash, atatu ndi a Kerr. Awiri akana kutseguka ngakhale pa Wi-Fi ya pasukulu, akuti ayesa kufunsa anzawo a laibulale ina. Bambo wakale pa zisudzo, ndakulemberani ku inbox, chonde taonaniko. Funso lina laling'ono: ku Archives amalola kujambula masamba a nyuzipepala ndi foni, kapena ndinyamule kope ndi cholembera?