Albumin wakwera mwa anthu ambiri kuno ku Nkhotakota, ndiwauze chiyani?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikugwira nawo kafukufuku wa matenda a impso m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo tikuyeza albumin (puloteni wa m'magazi amene amatha kudutsira mu mkodzo impso zikavuta) mu mkodzo. Anthu ambiri apitirira malire a 30 mg/g pa ACR (muyeso woyerekeza kuchuluka kwa albumin ndi creatinine mu mkodzo), ngakhale asodzi achinyamata omwe alibe shuga kapena BP. Ndalama zathu za ulendo zimachedwa, njinga yamoto inatifera panjira, ndipo otiyang'anira sayankha foni. Kodi anthuwa ndiwauze kuti impso zawo zawonongeka?

Bambo a ku Senga Bay: Ameneyo ndi likodzo basi! Munthu amene amasamba m'nyanja tsiku ndi tsiku chikhodzodzo chake chimatulutsa magazi, ndipo magaziwo amakweza albumin ngakhale impso zili bwinobwino. Muwapatse praziquantel, mankhwala a likodzo.

Mayi a ku labotale: Achimwene, simunatiuze kuti mkodzowo mumatenga nthawi yanji ndiponso mwayeza kangati. Woyamba wa m'mawa ndiwo wodalirika, ndipo timatsimikiza pokhapokha albumin atakwera kawiri mwa maulendo atatu pa miyezi itatu kapena kuposerapo. Kutentha thupi, msambo ndi ntchito yolemetsa nazonso zimakweza.

Bambo a ku Senga Bay: Mayi, zimenezo n'za m'mabuku. Ndakhala kunyanja kuyambira ubwana wanga, ndipo ndikunenetsa kuti ndi likodzo.

Wa ku Dwangwa: Ife tinataya mabotolo onse a mkodzo magetsi atazima. M'firiji mkodzo umasungika pafupifupi sabata imodzi, koma mukauumitsa pa -20°C kwa nthawi yaitali albumin amatsika. Ululu wake sindinauiwale.

Namwino wopuma pantchito: Mwanangu, nkhani ya ndalama ndi otsogolera ntchito siyoyenera pagulu ngati lino. Masiku athu tinkasonkhanitsa mkodzo wa maola 24 osadandaula.

Mayi a ku labotale: Amayi, msodzi amene agona panyanja usiku wonse angasunge bwanji mkodzo wa maola 24? N'chifukwa chake kafukufuku wa anthu ambiri amagwiritsa ntchito ACR.

Bambo a ku Senga Bay: Ayende ndi chigubu m'bwato! Komabe palibe amene wanditsutsa pa za likodzo.

Wofunsa: Zikomo nonse. Njinga ija akuti ikonzedwa Lachisanu. Nanga mawa ndikafika kwa amfumu ndikanene chiyani?

Mayi a ku labotale: Musakanene kanthu za impso musanayankhe funso langa lija: mkodzowo mumatenga nthawi yanji?