Za footswitch ya ampu ija, zatheka tsopano

Ndabweranso pa funso lija loti bwanji ampu yanga ya gitala imangopita ku drive (channel ya mawu okhadzula) ndikaponda footswitch, switch yoponda ndi phazi, ndikachotsa phazi basi yabwerera ku clean (channel ya mawu osalala). Nkhani yake inali switch. Ija ndimagwiritsa ntchito ndi ya momentary, yogwira pokhapokha ukuiponda, ngati sustain pedal ya kiyibodi, pomwe ampu yanga imafuna latching, yoti ukaponda kamodzi imagwira mpaka upondenso. A kampani ya Boss amapanga zonse ziwiri, FS-5U ndi momentary, FS-5L ndi latching, ndiye muziyang'ana chilembo chomalizacho musanagule.

Amene munati ndiyese kaye ndi kawaya zikomo kwambiri, ndinalowetsa chingwe ku jack ya footswitch nkugunditsa tip (nsonga ya pulagi) ndi sleeve (thunthu lake) ndi kawayako, channel inasintha pompo, ndipo jack yake ndi TRS (ya mbali zitatu: tip, ring yomwe ndi kamphete ka pakati, ndi sleeve) ndiye ring ndi sleeve zimayatsa ndi kuzimitsa reverb (kunjenjemera kwa mawu ngati uli mu holo). Ndinangogula ma switch awiri a latching, kabokosi kachitsulo ndi stereo jack, tip ku switch yoyamba, ring ku yachiwiri, sleeve kumiyendo yotsala ya onse awiri. LED, kagetsi kosonyeza kuti switch yayatsidwa, ndiye ndaipatsa batire yakeyake ya 9V ndi resistor ya 1k kudzera pole (mbali) yachiwiri ya switch, popeza ndi ya DPDT, yokhala ndi mbali ziwiri zosakhudzana, sindinafune ikhudzane ndi magetsi a mu ampu.

Koma ma ampu onse sali chonchi. Fender Hot Rod Deluxe imayendetsa mabatani awiri pa chingwe cha mono (tip ndi sleeve basi) chifukwa muli ma diode (tizipangizo tolola magetsi kupita mbali imodzi) mkati mwa footswitch yake, switch wamba sizigwira bwino, onani schematic (chojambula cha mayendedwe a magetsi) yake kaye musanawotcherere waya.