Achimwene anga chiwindi chatha ndi mowa, banja lagawanika, ndithandizeni maganizo

Membala wobisa dzina
Abale anga mwaswera bwanji. A admin ndibisireni dzina chonde, akwathu ambiri ali mom'muno. Ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa kachewere pamsika ku Ulónguè. Nkhani ndi ya achimwene anga achisamba m'banja mwathu, zaka 43, anali dalaivala wa mathiraki ku Moatize. Mowa anayamba ali mnyamata, masese, kenako kachasu, kenako timabotolo ta m'mabaraka tija. Olo zija za ku Chitima mu 2015, anthu 75 atafa ndi pombe wa pamaliro, iwo anangoti ine wa m'mbiya sindimwa.

Chaka chatha maso anachita chikasu, mimba kutupa ngati oyembekezera, mwendo ukadina ndi chala pamatsala dzenje. Usiku wina anasanza magazi m'beseni lochapira, ndinataya ndine, mpaka lero beseni limenelo sindiligwira. Ku chipatala chachikulu ku Tete anawapopa madzi m'mimba kawiri nkutiuza kuti ndi cirrose, chiwindi chauma ndi zipsera. Atasiya mowa tsiku lachitatu anayamba kunjenjemera, thukuta, kukuwa kuti pakhoma pali njoka, adotolo anati nzimene thupi limachita ukalimana mowa mwadzidzidzi ndipo zimapha ngati suli m'chipatala, koma amayi anangoti mwaona, mwana wanga anamulodza anzake akuntchito.

Seguru (inshuwaransi) ya kuntchito inawatumiza ku Johannesburg, ndinaperekeza ndine. Kumeneko anati nzotheka kuwaika chiwindi china, amadula mbali kwa wachibale poti chiwindi chimaphukanso, koma asanawaganizire nkomwe akhale miyezi 6 osalawa mowa, aonedwe ndi a zamaganizo, komanso pakhale munthu wa m'banja wowayang'anira chifukwa akatero ndi mapilisi moyo wonse osadumphitsa. Dotolo anafunsa kuti kunyumba kuli ndani, ine ndinangoyang'ana pansi.

Alamu anapita kwawo ku Tsangano ndi ana atatu ndipo ine sindiwanena, zimene anapirira mayi amene uja ndinaziona ndi maso. Amalume akuti anadzifunira okha. Amayi amabwera ndi mizu yonyika m'botolo la Fanta. Magazi anga ndi a achimwene ndi gulu limodzi koma bambo akunyumba akuti thupi langa lisakhudzidwe.

Pano yakwana miyezi 4 osamwa, ali kwathu. Koma si achimwene aja anthabwala ayi. Amangokhala pa kampando kuseri kwa khitchini kuyang'ana nkhuku, kusamba mpaka ndiwakakamize, usiku sagona masana ndiye tulo. Lachiwiri anandiuza kuti mlongo wanga bola ndingochoka mupume. Dzulo ndikuchapa ndapeza kabotolo m'thumba la jekete, kosatsegula, ndipo m'chitini changa mwasowa 100 meticais. Ndakabwezera momwemo, sindinagone. Ndiwafunse? Ndiuze adotolo, nanga sawachotsa pa mndandanda wa ofuna chiwindi? Ndatopa abale, nthawi zina ndimakalirira kuchimbudzi kuti ana asandione.

Nesi wa ku Moatize
Achemwali pepani. Ndiyambe ndi mawu aja akuti bola ndichoke, amenewo musadikire nawo mawa. Lero lomwe chotsani tameki, mankhwala opopera kachewere, a makoswe, zingwe, mukasungitse kwa aneba. Afunseni mosazungulira kuti achimwene mukuganiza zodzipha? Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Asamakhale okha, ndipo ku chipatala cha distrito funsani tekiniko wa psiquiatria, ntchito yake ndi imeneyi.

Chinanso, zogona masana usiku nkukhala maso zikhoza kukhala za chiwindi chomwecho, chikalephera kusefa zoipa zimakwera ku ubongo. Auzeni atambasule manja ngati akuimitsa shapa (minibasi), zikhatho zikamagwa nkudzuka zokha, kapena akamasokoneza masiku, thamangani nawo. Lactulose ngati anapatsidwa azimwa kuti azichita chimbudzi chofewa kawiri katatu patsiku. Mapilisi a tulo ayi, ibuprofen ndi diclofenac ayi, mizu ya amayi ija ayi ndithu.

Bambo a Junior
Ine ndinena chilungamo olo mundide. Mudule chiwindi chanu kupatsa munthu amene wabisa kale botolo? Ana anu awiriwo adzawalera ndani zikavuta? Amuna anu sakulakwa.

Wa ku Furancungo
Bambo a Junior funso lanu la ana ndi lomveka koma pa botolopo simukudziwa. Ine ndamwa kachasu zaka 19, chino nchaka cha 7 ndisanalawe. Kabotolo kosatsegula ndinayenda nako m'thumba pafupifupi mwezi, ndikakagwira mtima umakhala pansi, ndimadziuza kuti zikafika poipa kalipo. Munthu amene wagula nkusamwa ndiye kuti akulimbana, koma akulimbana yekha usiku ndipo yekha sapambana. Kwa ine miyezi yoyamba inali bola poti ndinali ndi mantha a imfa, yowawa inali ya 4, ya 5, mantha atatha, anzanga onse ali kubaraka, ntchito palibe, nkuyamba kukumbuka zonse zimene ndinawachita ana anga ndili maso owala. Manyazi amenewo amalemera kuposa ludzu la mowa.

Achemwali musawafunse pa anthu, musatchule za 100 ija poyamba. Khalani nawo kuseriko munene kuti achimwene ndakaona, tichite nako chiyani. Ndipo kwa adotolo akanene okha ndi pakamwa pawo. Kubisa kulibe phindu, kuli mayeso a magazi oonetsa mowa wa masabata apitawo, ndipo madotolo amakhulupirira wonena yekha kuposa wogwidwa. Apatseninso chochita, olo kuwerengera matumba a kachewere nkulemba m'kope, mwamuna wozolowera msewu wa Beira kumukhazika ndi nkhuku tsiku lonse mutu umadwala.

Membala wobisa dzina
A ku Furancungo mwandiliza. Za kope sindinaziganizepo, ndimaona ngati ndiwavutitsa odwala.

Mayi Mdzukulu wa Domue
Mwana wanga, pagulu pano aliyense akukamba za achimwene ako, ine ndikambe za iwe. Wanyamula wekha mtolo wa anthu asanu. Itanitsa amalume ndi abale onse mukhale pansi, usapite nkupempha chisoni, pita ndi ntchito zogawa, uyu Loweruka, uyu ndalama ya shapa yopitira ku konsuta kwa adotolo, uyu kugona nawo. Amayi ako usalimbane nawo za ufiti, sungawasinthe, akufuna kuchitapo kanthu pa mwana wawo basi. Apatse udindo wa chakudya, poti wa madzi m'mimba amafunika ndiwo zopanda mchere wambiri, osaika tima cube tija, ndi kaphala usiku asanagone, uwauze kuti adotolo akuti mankhwala ake ndi amenewa. Alamu ako usawakokere kubanja kudzera kwa ankhoswe panopa, akapuma adzaganiza okha, ungowapempha kuti ana aziimba foni Lamulungu.

Mphunzitsi T.
Pa zopereka chiwindi, wopereka amaonedwa ndi madotolo ake payekha, amamuyeza thupi ndi maganizo omwe, ndipo akaona kuti akukakamizidwa samulola. Mukhoza kukana muli m'chipinda ndi iwo okha, kubanja amangonena kuti simunayenerere. Magazi kufanana ndi chiyambi chabe. Ndi opaleshoni yaikulu, ili ndi chiopsezo chake, ndipo mudzakhala masabata ambiri osanyamula thumba. Komanso ena akasiya mowa nthawi yaitali chiwindi chimapepukako, nchifukwa china amadikirira miyezi ija. Musakangane ndi amuna anu lero pa chinthu chimene sichinafike, koma pa ulendo wotsatira apite nawo akadzimvere okha.

Membala wobisa dzina
Zikomo nonse, ndawerenga chilichonse. Mankhwala opopera bambo akunyumba akasiya kwa aneba. Madzulo ano ndinakhala nawo kuseri kuja ndi chimanga chootcha, ndinanena monga anandiuzira a ku Furancungo. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anakatenga okha nkukathira pa phulusa, manja akunjenjemera. Nditafunsa funso la anesi lija anayankha kuti eya amaganiza, makamaka mbandakucha. Ndiye lero bambo akunyumba agona nawo chipinda chimodzi, mawa m'mawa tili kuchipatala. Za adotolo aku Johannesburg akanabe, akuti akuopa, ndipo amalume foni sakuyankha. A ku Furancungo ngati mungalole kulankhula nawo ndilembereni ku inbox, mwina mwamuna mnzawo amumvera. Komanso alipo akudziwa gulu la osiya mowa lomwe limakumana ku Angónia kuno kapena ku Tete, olo la kutchalitchi?